Mmene Ndinajambulira Mawu a Gitala ya Agogo Anu

Iwe Tawonga, katoni imeneyo isapite pamoto. Ndakuona kale ukuiyang'ana ngati nkhuni. Bwera nayo kuno, ndipo uigwire m'mphepete, ulusiwo ungamatuke. Ukuti chiyani? Msampha wa makoswe? Malemu agogo anu aamuna akanamva zimenezo akanaseka mpaka kutsamwa. Chimenechi ndi chithunzi cha ampulifaya, kabokosi kokweza mawu a gitala, ndipo ndinachijambula ndine, ndi manja omwewa amene inu mumati amangodziwa kusenda chinangwa. Khalani pansi, mvulayi sikata msanga. Wongani, foniyo ika m'thumba, siithawa.

Mukudziwa kuti ine kwathu ndi ku Dedza, kumapiri. Kuno ndinabwera ndili mtsikana kudzagwira ntchito yochapa ndi kusita kunyumba ya alendo cha ku Makuzi. Inu lero mumadzuka m'mawa, madzulo muli ku Lilongwe mukudandaula kuti msana wawawa. Ife basi inkayenda ngati ikupepesa msewu, ikafika pamatope tonse timatsika kukankha, azibambo ndi masuti awo omwe. Nditafika anandilandira ndi kondowole, nsima ya chinangwa ija. Ine ndi nzeru zakwathu ndinayamba kutafuna. Ndinatafuna, ndinatafuna, nsagwada zikumatana, anzanga akugubuduka ndi kuseka. Mmodzi ndiye anandimvera chisoni, amvekere, "Mwana wa ku Dedza, imeneyo satafuna, amangomeza." Nanga simbi mukuidziwa inu? Osati iyi yolumikiza kukhoma. Ya makala, yolemera, yokhala ndi katambala pamwamba. Kaphulusa kamodzi kakagwera pansalu yoyera ya mlendo, tsiku lonse lawonongeka.

Simbi imeneyo ndiyo inandipezetsa banja. Ada Longwe, agogo anuwo, anali atabwerako ku Zambia kumene anaphunzira kukonza mawailesi. Anali ndi katebulo kawo pansi pa mtengo wa mango pa Chintheche, ndipo Loweruka masana ankabwera kwa alendo kuja kudzaimba gitala yamagetsi. Munthu wotchena ameneyo! Atonga paja ndi kutchena, nsomba ikhoza kusowa m'nyumba koma tayi ayi. Tsiku lina anatulukira kuseri kumene ndinkasita, malaya ali m'manja, akuti kolala yapindika. Sabata yotsatira kolala yapindikanso. Ndinazindikira mochedwa kuti ankaipinda okha panjira. Kwathu ndine Naphiri, koma iwo anayamba kundiitana Nyaphiri monga mwa kuno, ndipo dzina linakhala lomwelo.

Za zaka zapakatizo ndidzakuuzani tsiku lina. Tinabereka, tinalima chinangwa, tinamanga nyumba ino. Mafoni atabwera, mawailesi obwera kudzakonzedwa anayamba kuchepa. Ampulifaya yawo yaikulu inapsa ndi mphenzi chaka china, gitala n'kupachikidwa pakhoma. Gitala yamagetsi yopanda ampulifaya imangolira ngati udzudzu, uyenera kuika khutu pafupi kuti uimve. Kenaka anadwala shuga. Maso anayamba kuchita nkhungu. Kuchipatala anayesetsa, sindinganame, koma nkhunguyo inangokulirakulira mpaka kunada.

Ana inu, khungu silinandiopse kwambiri. Chimene chinandiopsa ndi chete. Munthu amene ankacheza ndi aliyense, ngakhale mbuzi yodutsa, anangokhala pakhonde pomwe wakhala Wonganipo, nkhope ataloza kukhoma, kawailesi kakang'ono kali pamiyendo. Kutchalitchi anasiya. Anzawo akabwera kudzawaona ankadzigonetsa. Ndikawafunsa kanthu yankho linali "eya" kapena "ayi", nthawi zina osayankha n'komwe. Ndinali ndi mwamuna m'nyumba, koma ndinkagona ndi kudzuka ngati wamasiye.

Inali nyengo ya mwera, mphepo ija yoletsa asodzi kulowa m'madzi. Ndikusesa, tsache linagunda gitala pakhoma, nsambo n'kulira pang'ono. Iwo anatembenuka.

"Imeneyo mukapereke kwa ana a kwaya. Akaikana muwaze nkhuni."

"Sindipereka," ndinatero. "Mukonze ampulifaya ina."

"Ndi maso ati?"

"Ndi angawa. Akugwira ntchito yanji, kupatula kusankha miyala mumpunga?"

Anabwezera nkhope kukhoma. Ine ndinati basi zathera pomwepo. Koma mawa lake ndikuwapatsa tiyi ndinamva, "Nyaphiri, pansi pa bedi pali chitini cha mabisiketi." Ndinakachikoka. Munali tizida tambirimbiri tochotsa m'mawailesi akufa, tina ngati mikanda, tina ngati timigolo. Anapisa dzanja, n'kumatola kamodzikamodzi, zala zikutizindikira ngati mmene mayi amazindikirira ana ake mumdima. Aka resisita, kochepetsa mphamvu ya moto. Aka kapasita, kosunga moto pang'ono n'kuutulutsa. Kenaka anatulutsa kanthu kakuda, kochepa ngati njere ya nyemba, ka miyendo isanu ndi itatu.

"Aka ndiye mwini nkhani. Amati ayisi. Mawu akalowa ali mwana, amatuluka ali ndi ndevu. M'kawailesi kangaka mulinso kotere. Tipanga yaing'ono, ya mabatire a tochi. Koma mumve: simugwira chowotcherera musanajambule. Wolumikiza mawaya popanda chithunzi ali ngati wopalasa bwato osadziwa kumene kuli mtunda."

Kujambula sikunandiopse. Paja ndinkapeta nsalu za patebulo, maluwa ndinkajambula ndekha. Ndinatenga pensulo ndi kalendala yakale, ndinatembenuza kuseri, ndinayala tizida tija patebulo. Ndinakhala masana onse. Resisita ndinaijambula ndi mizere yake yonse, kapasita ndi kuwala kwake, ayisi ndi timiyendo take ngati kangaude. Chinali chokongola, musaseke. Nditatha ndinawauza monyada.

"Mwajambula chiyani?"

"Zonse, ada. Mukanaona mukanati n'zenizeni."

"Chabwino. Ikani chala pa batire. Moto ukuchoka pamenepo kupita kuti?"

Ndinayang'ana pepala. "Moto sindinaujambule."

Anayamba ndi kugwedezeka mapewa. Kenaka kuseka kunatuluka, kokhakhala ngati chitseko chimene sichinatsegulidwe nthawi yaitali. Ine ndinakwiya ndithu, masana onse atapita pachabe, koma mkwiyo unalephera kukhazikika poti ndinali nditaiwala mmene mano awo ankaonekera.

"Nyaphiri, mlendo akafunsa njira ya ku Bandawe, kodi mumamujambulira nkhope za anthu akumeneko? Mumamuuza kuti upite chonchi, pamphambano ukhote. Chithunzi cha magetsi sichisamala nkhope ya chida. Chimasamala kuti ichi chagwirana ndi chiti. Bweretsani dzanja."

Anatambasula chikhato changa n'kumalemba ndi chala. Zinkandigirigisha, ndipo sindinkagwira kanthu. Anayesa ndi pensulo, koma akakweza dzanja sankadziwanso pamene anasiyira, mizere inkangokwerana. Pamenepo nzeru inandibwerera, ndipo sindibisa, inali nzeru yokhala ndi mchira. Ndinati, "Pepala likuchepa, ndipo dothi la pakhomo n'louma. Tiyeni kumchenga wonyowa, mukajambule zikuluzikulu."

"Kuti anthu akandione akundikoka ngati mbuzi?"

"Mbuzi sagwira pachigongono. Inu mugwira chigongono changa ngati mmene munkachitira kale, anthu aziti achikulire aja ayambiranso chibwenzi."

Ananyinyirika, koma m'mawa mwake anavala chipewa, anachikokera mpaka pamphuno, tinatsika. Kugombe kunali amayi ogula usipa. Msodzi wina wachikulire atawaona anasiya ukonde, n'kuwapatsa moni wa Atonga. "Ada Longwe! Mwayuka uli?" Ndinamva dzanja lawo likufinya mkono wanga. Anayankha motsitsa, koma anayankha.

Sukulu yanga inali pamenepo, nditagwada pamchenga, mutu uli ndi imvi kale. Tawonga, sendera kuno, loza ndi chala, ndikuonetse pakatoni pomwepa. Ukuona ulusi wokhotakhota ngati mano a sowo? Ndiyo resisita, njira yotopetsa moto. Uwu wa mano a sowo wokhala ndi kamuvi ndi voliyumu, potembenuza paja. Timizere tiwiri toyang'anizana koma osakhudzana ndi kapasita. Agogo anu ankati, "Ameneyu ndi mkamwini ndi apongozi ake. Amayandikana, amamvana, koma osagundana." Chamakona atatu chachikuluchi ndi ayisi ija. Sichifanana nayo n'komwe, ndipo ine ndinakangana nawo pamenepo, ndinati kanthu kamakona anayi mukukajambula bwanji makona atatu? Anati nsonga yake ikuloza kumene mawu akupita, basi. Ndipo timizere titatu totsikira pansi, kachiwiri kochepa, kachitatu kochepetsetsa, amati efi, kunena kuti nthaka. Moto ukayenda ulendo wake wonse umabwerera kumeneko. "Monga tonsefe," ankatero, ine n'kumawakalipira kuti asiye zolankhula zoterozo.

Analinso ndi malamulo. Gitala ikhale kumanzere, sipika kumanja, kuti mawu aziyenda monga timawerengera buku. Pulasi wa batire pamwamba, efi pansi. Ndipo mzere usapendeke, uziyenda chowongoka, ukafuna kukhota ukhote ngati ngodya ya nyumba. Ine wozolowera maluwa dzanja linkafuna kupinda mokometsera. Ayi ndithu, panalibe chilolezo.

Vuto la mchenga linali lakuti iwo pofuna kuona zimene ndajambula ankapapasa ndi chala, ndipo chala chikadutsa mzere wafufutika. Pena funde limabwera n'kumeza sipika yonse. Tsiku lina galu anagona pa ayisi. Msodzi uja ndiye anandipatsa ulusi wa ukonde wakale, akuti kapena ungathandize. Ndinaphika phala la ufa wa chinangwa, lomata lija tinkamatira mabuku a makolo anu asanabwere maguluu a m'sitolo, ndinayamba kujambula ndi pensulo pakatoni kenaka n'kumata ulusi pamwamba pa mzere uliwonse. Katoni yoyamba inadyedwa ndi mphemvu, zinatsata phala. Yachiwiri ndinkaipachika kudenga.

Ulusi unathetsanso nkhani ina imene inkandizunguza mutu. Mizere iwiri ikadutsana papepala, pena ndiye kuti mawaya alumikizana, pena angodutsana ngati anthu odana pamsewu. Wojambula amaika kadontho pamene alumikizana. Ine ndinkaiwala kadonthoko, kapena kukaika posafunika. Koma ndi ulusi zinali zosavuta: polumikizana ndimange mfundo, pongodutsana ndikweze kaulusi kadumphe. Zala zawo zikafika pamfundo zinkaima. "Apa mwamanga chifukwa chiyani?" Ndikalephera kuyankha, ndimasule. Sankalola kuti ndinene kuti "poti munatero." Ankafuna ndinene kumene moto ukuchokera ndi kumene ukupita. Ndinajambula kambirimbiri, mpaka ndikamapalira chinangwa ndinkaona mizere ya m'munda ngati mawaya. Nthawi yonseyi munthu akulankhula, akukalipa, akudya. Mwera unatha, kunayamba kutentha, ndipo tsiku lina anapapasa katoni kuchokera ku gitala mpaka ku sipika osaima paliponse. Anati, "Kolezani mbaula."

Chowotcherera chawo sichinali chamagetsi. Chinali kachitsulo ka mkuwa kosongoka, ka chigwiriro cha mtengo, kotenthetsa pamakala. Kwa munthu wa simbi ngati ine, kudziwa kuti chatentha mokwanira sikunali kovuta, ndinkangochiyandikiza patsaya. Tinatenga kathabwa, ndinakhoma timisomali pamene pali mfundo iliyonse, n'kumalumikiza tizida ndi mtovu kuchokera pamsomali kupita pamsomali. Mabatire tinawandandalika m'kansungwi. Sipika inachokera m'wailesi yakufa. Potsiriza inali ayisi. Pachithunzi mwendo uliwonse unali ndi nambala yake, koma pakanthu kenikeniko panalibe nambala.

"Ndiwerenge kuyambira pati?"

"Kumutu kwake kuli kamphako. Yambirani pamenepo, muzungulire monga imayendera mivi ya wotchi."

Ndinakaimika ndi miyendo yake patebulo, ndinawerenga monga ananenera, ndinalumikiza. Iwo anali atapukuta kale gitala, ili pamiyendo. Ndinagunditsa waya wa batire.

Zii. Ndinatembenuza voliyumu. Zii. Kenaka kafungo, kaja ka pulasitiki ikagwera pamoto.

"Chotsani batire!"

Anapapasa thabwa, chala chinafika pa ayisi, anachibweza msanga. Inali itapsa. Sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa. Anaitanitsa katoni, anaiyenda yonse ndi zala pang'onopang'ono. Anandiuza nditchule waya uliwonse wa pathabwa, wachoka pati, wafika mwendo wachingati. Ndinatchula. Zonse zinali monga pakatoni, ndipo za pakatoni zinali monga ananenera.

"Mwajambula bwino, Nyaphiri. Mwalumikizanso bwino. Ndiye kuti wolakwa ndine." Anatsamiritsa gitala kukhoma. "Ndimayesa ndi maso okha. Kani ndi mutu womwe."

Analowa m'nyumba okha, akupapasa khoma, anakagona dzuwa lili pamutu. Ana inu, masiku otsatirawo anaposa oyamba aja. Poyamba paja ankakhala pakhonde. Tsopano ngakhale kawailesi sankakatsegula. Ine ndinkadzifunsa ngati sindinawapweteke powadzutsa, pakuti wogona pansi sagwa. Ndinakwera minibasi kupita pa Chintheche ndi ayisi yakupsayo pansonga ya chitenje. Okonza mafoni anaiyang'ana mwaulemu, anati zoterezi sasunga, mwina ku Mzuzu. Koma ngakhale ndikanaipeza, ndikanailumikiza bwanji? Ikanapsanso.

Pobwerera ndinakumbukira mawu aja akuti m'kawailesi kawo mulinso kotere. Ndinati, kameneka kamalira bwinobwino, ndiye kuti amene anakapanga analumikiza molondola. Bwanji ndikafunse komweko? Masana ena iwo ali mtulo ndinakatenga, ndinamasula tizomangira ndi nsonga ya mpeni. Ayisi inalimo, yofanana ndendende. Koma pamwamba sipankaoneka njira iliyonse. Nditatembenuza kambale kake kobiriwira ndi pamene ndinaona timisewu ta mkuwa, topyapyala ngati tsitsi. Ndinatenga singano ndi pensulo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinayamba pa waya wofiira wa batire, singano ikutsata, pensulo ikulemba. Kanali koyamba kujambula njira ya moto popanda wondiuza. Kamsewu kanakhota, kanadutsa pa kapasita, kanakafika pamwendo wina wa ayisi. Ndinawerenga kuchokera kumutu, monga mivi ya wotchi. Wachisanu ndi chimodzi. Ndendende monga ananenera agogo anu.

Ndinadabwa. Ngati sanalakwe, chinapsereza n'chiyani? Ndinagwira mwendo umenewo ndi chala kuti usanditayike, ndinatembenuza kambale kuti ndiuone pamwamba, ndinawerenganso monga mivi ya wotchi. Wachitatu! Mwendo womwewo. Ndinatembenuza, wachisanu ndi chimodzi. Ndinatembenuzanso, wachitatu. Ndiye ndinakumbukira nsalu zanga zopeta: duwa loweramira kumanja, ukaliona kuseri limaweramira kumanzere.

Ndinalowa kuchipinda osagogoda. "Ada, dzukani."

"Ndisiyeni."

"Sindikusiyani. Gwirani ichi." Ndinawaika ayisi yakupsa ija m'manja. "Zaka zonse zija pansi pa mango, powotcherera kanthu aka, munkakaona kumsana kapena kumimba?"

"Funso lanji limenelo? Mtovu uli kumimba. Munthu umatembenuza mbale, n'kuwotcherera kunsi."

"Ine ndinakaimika ndi miyendo. Ndinawerengera kumsana."

Anakhala tsonga. Zala zinapeza kamphako, zinayenda kuzungulira. Anakagadabuza, zinayendanso. Anachita zimenezo kangapo, milomo ikuwerenga popanda mawu. Kenaka anafunsa ndi liwu limene sindinalimvepo, ngati la mwana wofunsa ngati amayi ake abweradi.

"Ndiye kuti mutu uli bwino?"

"Mutu uli bwino, ada. Manambala anu onse ndi oona, ndawapeza m'kawailesi kanu. Kungoti inu munali pansi, ine ndinali pamwamba."

Anaphimba nkhope ndi manja. Ine ndinatuluka kukayang'ana nkhuku zimene sizinkafuna kuyang'anidwa. Mwamuna wa msinkhu umenewo umamupatsa mpata.

Nditabwerera ndinawapeza pakhonde, kawailesi kotsegula pamimba kali m'manja. Anati, "Chotsani ya umu."

Ndinakana. Ndinati kameneka ndiko kamakuchezetsani ine ndikapita kumunda. Kuchotsa miyendo isanu ndi itatu ndi chitsulo cha pamakala si masewera, ndikatenthetsa kwambiri ifa, mutsala opanda wailesi, opanda ampulifaya. Tidikire wina wopita ku Mzuzu.

"Ndadikira mokwanira, Nyaphiri. Ndamveranso anthu ena akuimba mokwanira. Koma muyambe mwajambula china, ndipo pakona muikepo kanthuko monga kamaonekera, ndi manambala ake, mulembe kuti mukukaonera kuti."

Ndiyo katoni wagwirayo, Tawonga. Yang'ana pakona yakumanja. Waona kabokosi ka timiyendo? Werenga pansi pake. Eya, "kuonera kumsana." Tsono munthu amene anandiseka chifukwa chojambula nkhope za zida ndi yemweyo anadzandipempha nkhope imodzi. Ndinawakumbutsa, anati ndisachulutse nkhani.

Tsiku lochotsa ayisi linafika. Ndinkasungunula mtovu wa mwendo umodzi n'kuupukuta ndi tiwaya tofewa, kenaka kudikira kuti pazizire. Iwo anagwira kambale, chala chimodzi chili pamsana pa ayisi. Ikatentha ankangoti, "Imani." Thukuta linkandilowa m'maso. Mwendo wina unapindika, koma sunathyoke. Pamene inatuluka ndinaiika m'chikhato chawo, anaiuzira ngati munthu wouzira phala la mwana.

Ndinalumikiza ndikuyang'ana pakona paja mwendo uliwonse. Ndisanagunditse batire anandiuza nditsate njira yonse mokweza, kuyambira kumanzere. Nditatha anati, "Yesani."

Sipika inapuma. Kaphokoso kakang'ono, ngati mvula ikugwa kutsidya. Panalibe fungo. Anati ndiwapatse nsonga ya waya wopita ku gitala, anaikhudza ndi chala, sipika inalira ngati bemberezi. Nkhuku zinabalalika. Iwo anangoti, "Yewo," sindikudziwa ngati ankathokoza ine kapena Mulungu. Analowetsa waya m'gitala, anakoka nsambo imodzi, ndipo liwu linadzaza khonde lino mpaka kukafika pamsewu.

Musaganize kuti anaimba bwino tsiku limenelo. Zala zinali zitafewa, nsambo zinali ndi dzimbiri, ankaphonya n'kumadzitukwana. Koma amayi ochokera kovuula chinangwa anaima ndi mabeseni pamutu, wina n'kuyamba kuponda honala, gule wa kuno, pomwepo, madzi akumutsikira m'khosi. Nyimbo itatha agogo anu sanandiyamikire. Anati, "Mawu apansi akuchepa. Kapasita ya ku sipika ikufunika yaikulupo. Tengani pensulo." Ndinadziwa kuti munthu wabwerera.

Thabwa lija tinaliika m'kabokosi, ndinasokerera lamba. Anayamba kuitanidwa, kutchalitchi, kumaukwati, ngakhale kumaliro. Tsono pali kanthu kamodzi. Waya wochokera ku gitala unali waufupi, wotalika ngati mkono, poti ndi wokhawo wabwino umene tinali nawo. Choncho kulikonse kumene ankaimba, ine ndinkakhala pambali pawo penipeni, kabokosi kali pamiyendo, ndikutembenuza voliyumu akandigunda ndi chigongono. M'tchalitchi ndinkakhala kumbali ya abambo, mayi ndekhandekha pakati pa majekete. Anzanga ankandiseka, amvekere Nyaphiri wasankhidwa udikoni wa sipika. Msana unkawawa, ndiponso ndinkasowa macheza a amayi anzanga, paja nkhani zonse zokoma zimanong'onedwa kumbali kwathu. Ndikadandaula ankati, "Waya wautali umatola phokoso panjira." Zimenezo n'zoona ndithu, waya wamba umaterodi.

Ndiye atate ako, Wongani, atamva kudandaula kwanga anabwera nawo kuchokera ku Mzuzu waya weniweni wa gitala, wakuda, wonenepa, wautali kuchoka pano mpaka pamtondo apo. Tinauyesa, phokoso panalibe ngakhale pang'ono. Lamulungu limenelo ndinaika kabokosi pampando, ndinakonza voliyumu, ndinawoloka kukakhala ndi amayi anzanga. Agogo anu anaimba nyimbo imodzi yokha, mozizira, mutu ukutembenukira uku ndi uku. Pobwerera anati wayawo uli ndi phokoso.

"Phokoso lanji? Ine sindinamve."

"Makutu anu ndi a ku Dedza."

Loweruka lotsatira ndikuchokera kumunda ndinawapeza pakhonde, sizasi yanga yosokera ili pambali. Waya uja anali ataudula. Anauyeza bwinobwino ndi mkono wawo, kuchokera paphewa mpaka kunsonga ya chala, n'kudula pomwepo. Chotsalacho anachikulunga mwaudongo.

"Ada! Mwadula waya wa mwana? Watsopano?"

"Muwotcherere kamutu kake mbali iyi."

"Ndiyambe ndamva chifukwa. Phokoso munalibe, inu mukudziwa, ine ndikudziwa."

Anazunguza kachidutswako m'zala. Kenaka anati, "M'tchalitchi muja anthu anali odzaza, koma ine ndinkaimbira mumdima. Mukakhala apa ndimamva mukupuma. Nyimbo ikakoma mumagwira mpweya, ikaipa mumasuntha phazi. Ndidziwa bwanji mmene ndikuimbira inu muli kutsidya?"

Ndinaima pamenepo, khasu lili paphewa. Ndinatsamiritsa khasu, ndinakakoleza mbaula. Ndipo kuyambira tsiku limenelo mpaka pamene anatisiya, kumbali ya amayi sindinakhaleko.